Tsiku Limene Ndinatsika Kombi ndi Mwana wa Eni

Anzanga, nkhaniyi muimve kwa ine mwini wake, chifukwa amayi ogulitsa nthochi pageti la chipatala aja akuithira mchere tsiku ndi tsiku, moti dzulo ndamva kuti ndinaba ana atatu ndi mbuzi. Bodza limenelo. Mwana anali mmodzi, ndipo sindinabe, anachita kundipatsa.

Ine ndine Phiri wa ku Chiwaridzo, Ashona amati Sekuru Phiri, ndiko kuti agogo. Makolo anga anachokera ku Dedza, ine ndinabadwira pafamu cha ku Shamva uko, sukulu ndinangoisuzumira pawindo, kenako ndinalowa pansi pa mgodi mpaka mawondo atandikana. Ndinali kapitawo, anthu inu, osati munthu wamba. Ndipo chimene ndakhala ndikudzitama nacho pamaliro, paukwati, ngakhale pamzere wa kuchigayo, n'chakuti zaka zonsezo sindinasiyepo munthu pansi. Amene ndatsika nawo ndi amene ndakwera nawo. Mutu wangawu umasunga zinthu. Ndingakutchulireni munthu aliyense wa m'gulu langa, mfunda wake, kwawo, ndi dzino limene linaguluka. Koma musandifunse pamene ndaika chipewa changa m'mawa uno, imeneyo ndi nkhani ina.

Ndiye pali mdzukulu wanga Yamikani, timangoti Yami, mwana wa mwana wanga wamwamuna, wazaka zisanu ndi ziwiri. Mwana ameneyu anabadwa injini ikulira kale, kiyi wozimitsira anatsala komweko. Ukamutuma mchere kwa aneba amabwera ndi kamwana ka mphaka. Ukamufunsa za mchere amangokuyang'ana, osati mwano ayi, waiwaladi, ndipo akufuna uone kuti kamphakako kali ndi khutu limodzi loyera. Kusukulu ndiye kunali moto. Aphunzitsi asanamalize funso iye wayankha kale, anzake akulemba iye ali pansi pa desiki kuona mmene misomali inalowera, nsapato amapita nazo ziwiri n'kubwera ndi imodzi. Mpaka akuluakulu a sukulu anaitana amake n'kuwauza mosabisa: mwanayu akaonedwe ndi adokotala atiuze chochita naye, apo ayi temu ikubwerayi mumufunire kwina. Bambo ake, amene amafika pakhomo atatheratu ndi shifiti, anangoti akachotsedwa sukulu apita kufamu kwa achibale akawete mbuzi, ndodo ikamuwongola komweko. Amake analira chamumtima, koma tonse tinawamva.

Mukudziwa mmene m'Chiwaridzo aliyense amasandukira dokotala mwana wa mnzake akavuta. Wina amati n'shuga, musamupatse tiyi. Wina amati analodzedwa ali m'mimba, pitani naye kwa mneneri wa kuphiri uja akamuwaze madzi. Mayi wina, amene ana ake atatu onse ali kokumba golide ndi makorokoza, okumba mozemba aja, ndipo sadziwa ngati ali moyo, anaima pampanda kutiphunzitsa kulera. Koma mpongozi wanga, amake Yami, mtsikana wa Chishona wa ku Chipadze, wophunzira, wogwira ntchito m'sitolo m'tauni, anapeza kagulu ka makolo kamene kamakumana muholo ya tchalitchi Loweruka, ndipo anabwerako ndi dzina la zilembo zokhazokha: ADHD. Akuti si mwano, si ufiti, ndi mmene mutu wa mwana unapangidwira, maganizo ake amathamanga ngati nkhuku zotsegulidwa khola, ndipo pali njira zomuthandizira.

Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Matenda opanda chilonda, opanda malungo, opanda ngakhale dzina lenileni? Ndinauza mkazi wanga Nabanda kuti kwa a Phiri kulibe zimenezi, ngati zilipodi ndiye zachokera kuchikazi, mukafufuze ku Chipadze mukapeza amalume ake ena akuyenda pamwamba pa denga. Nabanda anandiyang'ana, n'kupitiriza kusoka.

Tsiku linafika. Kuli dokotala wa ana wachizimayi amene amabwera kuchokera ku Harare mwa kamodzikamodzi, akaona anthu ake mpaka masana amakwera galimoto n'kumapita, ukamuphonya ndiye dikira miyezi, ndipo temu ikhala itatsegulidwa kale. Amake Yami kuntchito anawalola kuchoka mochedwa, Nabanda mwendo unali utatupa. Ndani apite naye mwana? Ndinadzimenya pachifuwa. Munthu amene anatsogolera amuna akuluakulu mumdima angalephere kamwana kamodzi masanasana?

M'mawa mwake mpongozi wanga anagwada pakhomo, anawomba m'manja mwaulemu wa kwawo, n'kuyamba kundilangiza ndi mawu otsika.

"Baba, pepani. Mukamamuuza kanthu, mumuyang'ane kumaso, mumuuze chinthu chimodzi, akachita ndiye chinanso. Akatopa kukhala musamukalipire, mumulole aimirire pang'ono. Ndipo kampira aka mumupatse azifinya, manja akakhala ndi chochita mutu umakhazikika. Ine ndikakupezani komweko."

Kanali kampira ka mphira kofiira. Ndinakalandira ndi zala ziwiri ngati ndikunyamula mbewa yofa, n'kukaponya m'thumba la jekete.

"Amake Yami, pitani kuntchito mtima uli m'malo. Mwana safuna mpira, amafuna mawu a mwamuna."

Kunali kozizira, kuja kwa mwezi wa Juni kumene madzi a m'ndowa amaluma. Nabanda anamuveka Yami thilakisuti yobiriwira ya kusukulu, n'kumuphimba ndi chipewa chaubweya chija chongoonetsa maso, chimene chadzaza pamsika chaka chino. Sungani chipewa chimenechi m'mutu, chibweranso. Tinatuluka. Pageti ndinakumbukira kuti ndasiya khadi la kuchipatala, ndinabwerera. Ndikutuluka ndinaona thadzi lathu likuyenda motsimphina, ndinaligwira kuti ndione phazi, ndinavula magalasi kuti ndionetsetse pafupi, ndinawaika pamwamba pa khola, kenako ndinaona kuti waya wa kholalo wamasuka, ndinapita kukafuna pulayala, ndipo ndikanamanga khola lonse lija Nabanda akanapanda kukuwa pawindo kuti, "Inu a Phiri, dokotala ali m'kholamo?" Ndinathamanga. Magalasi anatsala akuyang'anira nkhuku.

Tsopano inu amene mumakwera kombi, minibasi zathu zija, mukudziwa mwambo wake. Mwana sakhala ndi mpando. Hwindi, kondakitala wake uja, amamunyamula m'khwapa n'kumuika pamiyendo ya aliyense amene ali ndi miyendo, kaya mukudziwana kaya ayi, ndipo potsika amamupatsirana dzanja ndi dzanja mpaka pakhomo ngati thumba la ufa. Yami anamukhazika kutsogolo pamiyendo ya mayi wina wonenepa, ine anandikankhira kumbuyo kwenikweni. Ndisanakhale n'komwe ndinamva mawu ake akufunsa dalaivala kuti singano iyo bwanji siyenda. Ndinakuwa kumuchenjeza mwa Chilapalapa chathu cha kumgodi, "Pasopa wena!" Anthu anaseka, ine ndinamva kukoma.

Tsoka lake, amene ndinakhala naye pafupi anali mkulu wina wovala nsapato za kumgodi. Ndinangoziona nsapato zija, pakamwa panatseguka pokha. Ndinamufunsa shafuti yake, iye anatchula, ine ndinamuuza za tsiku limene chikepe chinaima pakati tili m'katimo, mmene Mulomwe wina wotchedwa Sitande anayamba kuulula machimo ake mokweza poganiza kuti tafa, mpaka kutchula mkazi wa mnzake, mnzakeyo ali m'chikepe momwemo. Nkhani imeneyi sindinaifotokozepo anthu osagwa ndi phwete. Kombi yonse inatchera khutu. Ndiye pamene ndinafika penipeni, pamene mwini mkaziyo anayatsa nyali yake kumaso kwa Sitande, hwindi anamenya denga, "Chipatala, sekuru!"

Munthu ungasiye nkhani pamenepo? Ndinatsika chammbuyo, mutu uli m'kombi, pakamwa pakugwira ntchito. Ndinangotambasula dzanja n'kunena kuti, "Tandipatsirani mwanayo, wa chipewayo." Anandipatsira. Ndinagwira pamkono mwamphamvu. Kombi inanyamuka ine ndikuthamangira pambali pake kumalizitsa nkhani pawindo, kamwana kakukokeka kumbuyo kwanga, ndipo ndinamva anthu akuseka mpaka pakona. Ndinaima ndikupuma wefuwefu, wokhutira ngati munthu wolandira bonasi.

Chimene sindinadziwe n'chakuti nthawi yozizira mwana aliyense wa m'Chiwaridzo amavala thilakisuti ya sukulu, kaya akupita kusukulu kaya kumaliro, chifukwa ndi chofunda chokhacho chimene ali nacho. Ndipo chipewa chija, ndanena kale, chadzaza pamsika.

Tinayamba kuyenda. Kamawu kanatuluka m'chipewa muja, "Sekuru, ini handisi…"

"Chete! Ndipo ukamayankhula ndi ine uziyankhula Chichewa, Chishona ukachite ndi amako. Ndisamvenso mawu ako mpaka tikalowe kwa dokotala."

Zii. Anthu inu, zii! Kwa nthawi yoyamba chibadwire chake, mwana anamva kamodzi. Dzanja silikukoka, miyendo sikudumpha ngalande, tinadutsa galu wakufa pamsewu osaima kuti timuone mano. Mukuganiza kuti ndinadabwa? Munthu wanzeru akanadabwa. Ine ndinatukumula chifuwa. Ndinati mumtima, mwaona, zilembo zonse zija zathera pa liwu limodzi la kapitawo. Pageti la chipatala ndinamugulira nthochi kuti ndimuthokoze. Anangoigwira osasenda. Yami amene amadya nthochi ndi makoko omwe! Ine ndinati, taonani ulemu, akudikira ndimuuze.

M'khonde la chipatala munali mabenchi, ndipo munadzaza amayi ndi ana awo onga Yami. Kamtsikana kena kakuzungulira mzati, kamnyamata kena kakukwawa pansi pa mabenchi kumasula zingwe za nsapato za anthu, kena kakufunsa mlonda mafunso ngati wapolisi. Amayi awo maso ali ofiira, nkhope za anthu osagona. Ine ndinamukhazika wangayo pakona, ndinati "Khala," anakhala, manja pamaondo, nthochi m'manja, ngati chithunzi.

Mayi wa kamnyamata ka zingwe kaja anayang'ana mwana wanga, anayang'ana wake, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Sekuru, wanuyu mwabwera naye chifukwa chiyani? Kapena anayamba kale kulandira thandizo?"

Apa ndiye pamene ndimafuna mundimenye. Ndinaimirira, ndinakonza jekete, ndinayamba ulaliki. Ndinati mwanayu dzulo lomweli anali woposa anu onsewa. Ndinati vuto la amayi amasiku ano mumalera ana ngati mazira, mumawanyengerera, mumawagulira timipira. Ndinati mwana ndi ngati gulu la pansi, amafuna mawu amodzi ochokera pachifuwa. Mayi uja anagwetsa nkhope, ndinaona akupukuta diso ndi nsonga ya chitenje, ine n'kumayesa kuti uthenga walowa. Munthu wadzuka m'bandakucha, aneba amunena, apongozi ake amunena, aphunzitsi amunena, wabwera pamalo amodzi pamene amati mwina sanenedwa, n'kupezapo ine.

Ndipo mukuganiza kuti nditalalikira ndinakhala pansi? Benchi lake linali logwedera, ndinagwada kuona mwendo wake, ndinapita panja kukatola kamtengo, ndili panja ndinamva jenereta ikulira mosakhala bwino, ndinapita kukauza munthu wake kuti lamba wamasuka, iye anati si ntchito yanu sekuru, ndinabwerera popanda kamtengo, ndinakhala, ndinaimirira, ndinafunsa mlonda kwawo, ndinapeza kuti ndinkawadziwa agogo ake, ndinamuuza za njinga yawo. Chitseko cha dokotala chinali chotsegula pang'ono, ndipo kangapo ndinaona mayi wa magalasi akusuzumira m'khonde, osati kuyang'ana ana, kuyang'ana ine. Ndinati waona munthu wodziwa zinthu.

"Sekuru, akuitana Yamikani Phiri kachitatu tsopano," anatero mlonda. "Si inu?"

Tinalowa. Dokotala anali mayi wodekha, wolankhula Chishona chofewa. Anandipatsa mpando, anakokera wake pafupi ndi mwana, n'kumufunsa dzina.

Kamawu kaja kanati, "Tafadzwa."

Ine ndinaseka. "Mwaona adokotala? Ndiye masewera akewo. Nena dzina lako bwino, iwe."

"Tafadzwa," kanabwereza, ndipo mapewa anayamba kunjenjemera.

Dokotala anati, "Muno mukutentha, mwanangu, tivule chipewachi." Anachikoka pang'onopang'ono.

Mayo ine! Munatuluka mutu umene sindinauonepo chibadwire. Makutu aakulu ngati zogwirira mphika, mano akutsogolo kulibe, misozi ndi mamina zasakanikirana mpaka kuchibwano, kusonyeza kuti mwana wa eni wakhala akulira mwakachetechete kuyambira pamsewu paja. Ngakhale popanda magalasi ndinaona kuti uyu si Phiri. Ndinayang'ana m'chipewa muja, anthu inu, ndinayang'anadi, ngati kuti Yami watsalira m'katimo.

"Sekuru," dokotala anafunsa mawu atasintha, "mwana uyu ndi wa ndani?"

"Anandipatsa m'kombi."

"Nanga wanu ali kuti?"

Funso limenelo linandilowa ngati madzi ozizira a pansi pa mgodi. Yami ali kuti? Mwana amene amatsata gulugufe mpaka kumsewu waukulu, ali yekha m'tauni, pakati pa malole onyamula miyala. Ndinadumpha, ndinatuluka liwiro, dokotala akukuwa kumbuyo kuti, "Musasiyenso uyu!" Ndinabwerera, ndinamugwira Tafadzwa pamkono, iye anakuwa ngati ndikumupha, ndinamukoka chomwecho kudutsa m'khonde muja, pamaso pa amayi onse amene ndinawalalikira. Mayi wa kamnyamata ka zingwe uja anangoti, "Mawu a pachifuwa aja atha, sekuru?"

Sindinafike n'komwe pamsewu. Pageti panaima kombi ija ikuliza hutala, ndipo munthu woyamba kutsika anali mayi wamfupi, khanda kumbuyo, kabichi m'manja. Anali atakhala kutsogolo kuyamwitsa, n'chifukwa chake sanaone mwana wake akupatsiridwa ngati katundu, anazindikira atafika pasiteji m'tauni. Atangondiona ndikukoka mwana wake akulira, anakuwa mawu amene mpaka lero amandidzutsa kutulo: "Mbavha! Mbavha yevana!" Wakuba ana! Ndipo mukudziwa zimene anthu amanong'onezana kuno za ana osowa ndi mankhwala a golide. Kuphethira kamodzi, amayi a nthochi anandizinga, wina wanyamula mpando, wina patapata. Kabichi uja anandipeza pakhutu. Sindinkadziwa kuti kabichi ndi wolimba chonchija.

Ndinagwada, ine kapitawo, pafumbi la pageti, ndinayamba kuwomba m'manja mwa Chishona, ndikupepesa m'zilankhulo zitatu nthawi imodzi. Ndiye ndili chogwada chomwecho, tsamba la kabichi lili paphewa, ndinaona nsapato zakuda zaima patsogolo panga. Ndinakweza maso. Mpongozi wanga, mu yunifolomu ya kusitolo. Kwathu mpongozi sumudyera pamodzi, sumuyang'ana m'maso nthawi yaitali, ngakhale kukhosomola pamaso pake umachita kusankha. Ine anandipeza ndikukwapulidwa ndi ndiwo.

Sanafunse za kabichi. Anangoti, "Baba, Yami ari kupi?" Chichewa chonse chinawathawa.

"Tauni! Tauni! Mmodzi yekha tinyamuke!"

Tonse tinatembenuka. Pakhomo la kombi, pambali pa hwindi, chipewa atachikweza pamphumi, panali Yami akumenya chitseko ndi chikhatho kuitanira anthu. Amake anathamanga, anamukumbatira, anamununkhiza m'mutu, iye akuyesetsa kuwauza kuti chitseko chimayenda pa timawilo titatu ndipo kamodzi n'kothyoka.

Hwindi ndiye anapulumutsa khutu langa lachiwiri. Anauza anthu kuti mayi uja atayamba kulira pasiteji, palibe amene ankadziwa kumene mkulu wa nkhani za chikepe walowera, koma kamnyamata aka kanaimirira pampando n'kunena zonse: agogo anga ndi a Phiri, apita kuchipatala kwa dokotala wa ku Harare, chitseko chachiwiri kumanzere, amayi anatero dzulo akutsuka mbale, ndipo musadandaule sanamube, agogo akayamba nkhani saona. Mwana amene tonse timati samva! Anamva zonse, ngakhale zimene sankauzidwa iye.

Ndinamufunsa, "Nanga iwe unandiona ndikutenga mnzakoyu?"

"Ndinakuonani, agogo."

"Bwanji sunakuwe?"

"Ndimati ndikuwe, koma panadutsa lole ya matayala ambirimbiri, ndiye ndimawerenga."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndi pakamwa pati? Iye anandiiwala chifukwa cha lole, ine ndinamuiwala chifukwa cha Sitande amene anamwalira kalekale.

Amake Tafadzwa anamutenga mwana wawo, ananditukwana komaliza mpaka kutchula makolo anga a ku Dedza, n'kutenganso nthochi ija. Anayenera. Koma dzuwa linali litafika pamutu, ndipo pafupi ndi khomo ndinaona dalaivala wa dokotala akupukuta galasi la galimoto. Mpongozi wanga anaonanso. Anangomugwira Yami dzanja mwamphamvu, ndipo ine ndinaona mbuzi za kufamu zikumuyandikira mdzukulu wanga chifukwa cha pakamwa panga. Nthawi yathu inali itadutsa, pamzere panatsala munthu mmodzi yekha, mayi wa kamnyamata ka zingwe uja. Ndinapita kwa iye chipewa chili m'manja. Iye anandiyang'ana kuyambira kufumbi la m'maondo mpaka kukhutu lotupa, kenako anayang'ana amake Yami, n'kusuntha pabenchi.

"Lowani inu poyamba, asisi, ine ndimuuza dokotala kuti sindichoka. Mwana wanu ali ndi mavuto awiri, wanga ali ndi limodzi."

Tinalowa atatu. Dokotala anamulola Yami kuyendayenda m'chipindamo, anamufunsa za lole, anamupatsa timasewera, anafunsa amake mafunso ambiri a kunyumba ndi a kusukulu, kuyambira ali wakhanda. Anati zimene akuona zikufanana kwambiri ndi ADHD, koma safulumira, afuna amvenso kwa aphunzitsi ndipo amuonenso. Anati mwanayu si wamwano, si wopusa, ndipo ndodo ingangomuphunzitsa mantha basi. Analonjeza kulankhula ndi a kusukulu kuti amukhazike kutsogolo, azimupatsa ntchito zazifupi, azimutuma kufufuta bolodi akaona miyendo yayamba kuyabwa. Mpongozi wanga anapuma mpweya umene ndikuganiza anausunga chaka chonse.

Kenako dokotala anafunsa, "Nthawi zambiri zimenezi zimayenda m'magazi. Kodi m'banjamu alipo wina wamkulu amene sakhazikika, woiwalaiwala, woyamba ichi n'kusiya n'kuyamba icho, wolankhula mosadikira mnzake?"

Yankho ndinali nalo kuyambira kunyumba. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule Chipadze. Koma ndisanatchule ndinaona nkhope zawo. Mpongozi wanga, mwana woleredwa bwino, anayang'ana pansi ngati wataya singano. Dokotala sanayang'ane pansi. Anayang'ana bondo langa, limene linkagwedeza tebulo lake mpaka zolembera kumalira m'kapu. Kenako anayang'ana dzanja langa lamanja. Nanenso ndinaliyang'ana. Munali kampira kofiira kaja, ndikukafinya, kukafinya, ndipo kanali kofunda, kusonyeza kuti sindinayambe posachedwa.

"Agogo," anatero Yami, "mukamaliza mundibwereke."

Dokotala anatsokomola m'dzanja kuti abise kuseka. Anati iye ndi wa ana, sangandiyeze, koma wandionera pachitseko m'mawa wonse ndipo ngati ndingafune angandiuze khomo loyenera kugogoda. Ine ndinati ndamva, ndikaganiza. Za Chipadze sindinatchule, ndipo sindidzatchulanso.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, kombi imathamanga kuposa munthu. Nabanda anandilandira ndi magalasi anga m'manja, ali ndi zitosi pagalasi limodzi. Ndinayesa kudziteteza, ndinati komabe pansi pa mgodi sindinatayepo munthu.

"Mukanataya bwanji, poti anthuwo ndi amene ankakuwerengani inu? Akazi awo ankandiuza. Amati tisanakwere tiyambe taona ngati kapitawo alipo, mwina waima penapake akucheza ndi mwala." Anandipatsa magalasi aja. "Zaka zonsezi ndimayesa ndinakwatiwa ndi munthu wolodzedwa. Kani zili ndi dzina."

Yami kufamu sanapite. Ali kusukulu komweko, amakhala kutsogolo, bolodi la kalasi yawo ndi loyera kuposa onse, ndipo nsapato masiku ambiri zimabwera ziwiri. Masiku ena zimavutabe, sindinama, koma bambo ake anasiya kutchula mbuzi. Loweruka lina mpongozi wanga anagwadanso pakhomo n'kunena kuti, "Baba, kugulu kwathu kuja kuli mpando wotsala." Ndinapita. Ndinakapeza mayi wa kamnyamata ka zingwe uja ndi amene amatsogolera, ndipo anandipatsa ntchito yokonza mipando ndi kuthamangitsana ndi ana panja makolo akamakambirana, akuti m'katimo ndingalalikire.

Ndiye ndalumbira, anzanga, pamaso pa Nabanda ndi nkhuku zonse: sindidzaphunzitsanso mayi aliyense kulera mwana wake, ndipo sindidzalandiranso mwana wochokera m'kombi ndisanamuvule chipewa n'kumuwerenga mano. Ngakhale mwayi wake sindiupezanso. Masiku ano tikamapita m'tauni awirife, Nabanda amawerama, amamuyang'ana Yami kumaso monga anaphunzitsira mpongozi wathu, n'kumuuza chinthu chimodzi chokha:

"Uwagwire dzanja agogo ako, usawataye."